Katswiri wa zaka khumi ndi ndani? Mkangano womwe sukutha pa Kapelula

Mukafuna kudanitsa anthu okondana pa Kapelula, musawafunse za mitengo ya feteleza, chifukwa pa zimenezo amadandaula mogwirizana. Afunseni kuti wosewera mpira wamiyendo yemwe anaposa onse m'dziko muno pakati pa 2010 ndi 2019 ndi ndani. Wina atchula Joseph Kamwendo musanamalize n'komwe funso. Wina akuwa kuti Gabadinho. Sapota weniweni wa Maule sangalole kuti dzina la Chiukepo Msowoya lisowe, ndipo sipalephera kukhala mkulu mmodzi wongopukusa mutu n'kumati nonsenu ndinu ana, simunamuone Kinnah Phiri.

Ine ndinakulira komweko, ndipo ndikapita kukaona makolo nyengo yosankha fodya, nkhaniyi imandipeza m'chigafa. Kusankha fodya ndi ntchito ya manja ndi maso, pakamwa pamakhala palibe chochita, ndiye anthu amacheza mpaka dzuwa kupendeka. Ndaimva kokwanira, moti ndaganiza zolemba mndandanda wangawanga wa anthu asanu. Ena a inu mutseka foni musanafike kumapeto. Palibe kanthu.

Zaka khumizo zikuyambira pati?

Funsoli likuoneka lachibwana, koma theka la mkangano lagona pamenepa.

Ku America, ligi ya NFL, ya mpira wawo uja wovala zipewa zolimba n'kumathamanga mpira uli m'manja, ili ndi mwambo wosankha timu ya zaka khumi zilizonse. Timu ya 2010 mpaka 2019 anailengeza mu Epulo 2020, ndipo osewera asanu ndi atatu, kuphatikizapo Tom Brady, anavoteredwa ndi aliyense wa m'komiti popanda wotsutsa. Bungwe la IFFHS, lomwe limasunga mbiri ndi ziwerengero za mpira wathu uno wamiyendo, linawerenga mwina: linayambira 2011 n'kulekezera 2020, ndipo ulemu unapita kwa Lionel Messi.

Kwa Messi, kusuntha chaka chimodzi sikusintha kanthu. Kwa ife a Malawi kukusintha zambiri.

Mukayambira 2010, mwalowetsamo Lolemba lija la pa 11 Januwale ku Luanda, pomwe Flames inathibula Algeria 3-0 mu AFCON. Zigoli anamwetsa Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda, pagolo panali Swadick Sanudi, kaputeni anali Peter Mponda, mphunzitsi Kinnah Phiri. Algeria yomweyo inakafika mu semifayinolo ya mpikisanowo, ndipo miyezi isanu pambuyo pake inali ku World Cup ku South Africa. Ine ndinali ku pulayimale, koma phokoso la tsiku limenelo ndimalikumbuka. Mukayambira 2011, tsikulo latuluka, koma mwalowetsa 2020, chaka chomwe Gabadinho Mhango anamaliza ligi ya ku South Africa ndi zigoli 16 ali ku Orlando Pirates, n'kugawana nsapato yagolide ndi Peter Shalulile wa ku Namibia.

Ndiye tamverani izi. Zigoli ziwiri zomwe anthu amakonda kuponya pamkanganowu zonse zili kunja kwa mpanda, kaya muwerenge njira iti. Chija cha Chiukepo chogonjetsa Egypt 1-0 ku Blantyre nthawi itatha kale chinali cha mu Juni 2008. Chija cha Gabadinho chochokera kutali, chomwe chinadutsa pamutu pa Yassine Bounou wa Morocco mphindi ya chi 7 ku Yaoundé, chinali cha pa 25 Januwale 2022. Nawo ulemu wa Kamwendo wokhala wosewera wabwino koposa mu ligi ya ku Zimbabwe ali ku CAPS United unabwera mu 2005. Mukawakumbutsa anthu madeti amenewa amakwiya ngati mwawabera nkhuku.

Ine ndatsata njira ya a NFL, 2010 mpaka 2019, chifukwa ndi momwe ambiri timawerengera pakamwa.

Zaka za njala

Tinene zoona, kwa Flames zinali zaka zowuma. Titachoka ku Angola, komwe Algeria itatha tinagonja 2-0 ndi eni bwalo kenako 3-1 ndi Mali, sitinapondenso ku AFCON mpaka zaka khumizo zinatha. Mu Okutobala 2011 tinatsala pang'ono. Tinali kutsogola 2-1 ku N'Djamena, tikiti ili m'manja, koma Chad inabweza chigoli kumapeto kwenikweni, malo athu n'kutengedwa ndi Tunisia. Mu Seputembala 2013 tinapita ku Calabar tikufunika kugonjetsa Nigeria kuti tipitirire pa ulendo wa ku World Cup, ndipo tinabwerako ndi 2-0. Aphunzitsi ankasinthidwa ngati malaya.

Zotsatira zake n'zakuti wosewera wa nthawi imeneyo sungamuyese ndi zomwe timu ya dziko inapambana. Uyenera kumutsatira ku kalabu yake, ndipo makalabu a akatswiri athu ambiri anali kunja. Apa ndi pomwe Kapelula amalowera m'nkhaniyi, chifukwa zomwe munthu amakhulupirira pa mpira zimadalira chomwe chinafika m'maso ndi m'makutu mwake.

Kwathu mpira unkafika njira ziwiri. Super League ndi masewero a Flames zinkabwera pa wayilesi, ya mabatire, yokolekedwa pamtengo wa chigafa. Mpira wa ku England ndi wa ku South Africa unkabwera pa vidiyo shoo ya pa tredingi, jenereta ikulira kuseri, bola ukhale ndi kandalama kolowera. Choncho amalume anga, omwe moyo wawo wonse akhala a Manoma, amamudziwa Kamwendo kudzera m'mawu a owulutsa mpira. Chenga chilichonse chomwe anamva anachijambula okha m'mutu, ndipo chojambula cha m'mutu sichiterereka, sichitaya mpira. Msuweni wanga woyendetsa kabaza wa njinga yamoto amamudziwa Gabadinho ndi maso, atavala yakuda ya Pirates pa SuperSport, komanso pa timavidiyo ta pa YouTube tomwe amationera mobwereza bandulo ikalola. Awiriwa akamakangana, wina akunena zomwe anamva, wina zomwe anaona, ndipo aliyense akudabwa kuti mnzake wagwa mutu.

Anthu ambiri a ku Kasungu anayamba kuwaona pafupi osewera a Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers pomwe TN Stars inalowa mu Super League mu 2018 n'kumasewerera pa Kasungu Stadium. Apo n'kuti zaka khumizo zili kumchira.

A ku America akamakangana amatulutsa manambala a chilichonse, mpaka mtunda womwe munthu anathamanga ndi mpira chaka chakutichakuti. Ife tili ndi mayina a matimu omwe anatenga ligi, mayina a omwetsa zigoli zambiri, basi. Yemwe anapatsira mipira yobala zigoli, kapena yemwe analanda mipira pakati, ntchito yake inatsalira m'makumbukiro a omwe analipo pabwalo. N'chifukwa chake mindandanda yathu imadzaza ndi akutsogolo okhaokha.

Belo losakaniza

Amalume ali ndi mfundo imodzi yomwe ndimailemekeza. Tsiku lina msuweni uja atalimbikira zoti Gabadinho ndi nambala wani chifukwa cha zigoli, iwo ananyamula masamba awiri a fodya, lina la pansi pa mtengo, lina la kunsonga.

"Iwe, awa ungawaike mu belo limodzi?"

"Ayi malume, ku Chinkhoma akalibweza."

"Nanga wotchinga kumbuyo ndi womwetsa zigoli ukuwaikiranji pa sikelo imodzi?"

Akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake pa nambala 5 ndaikapo Limbikani Mzava. Palibe kavidiyo ka Mzava komwe mungatumizirane usiku. Koma munthuyu anapita ku Bloemfontein Celtic ali mnyamata, n'kupitirira ku Mpumalanga Black Aces ndi Golden Arrows, chaka ndi chaka akupatsidwa malo mu ligi yomwe mlendo akafooka pang'ono amamuonetsa msewu. Wotchinga kumbuyo wochokera kunja sasungidwa chifukwa cha chisoni. Pomwe Flames inabwerera ku AFCON ku Cameroon, lamba wa ukaputeni unali pamkono pake, ndipo ulemu umenewo anaugwirira ntchito m'zaka zomwe tikukambazi.

Malo amenewa akanatha kukhala a Chiukepo, ndipo a Maule ali ndi ufulu wondikalipira. Anayenda ku Rwanda, South Africa ndi Mozambique, n'kubwerera ku Bullets kudzamwetsabe zigoli pomwe timuyo inkatenga ligi mu 2018 ndi 2019. Koma Chiukepo woopsa kwambiri, yemwe ankalowa kuchokera pa benchi dziko lonse n'kuimirira, anali wa 2008 ndi 2009. Chimodzimodzi Esau Kanyenda, Black Mamba, yemwe zaka zake zamoto ku Rostov ndi Lokomotiv Moscow zinali za m'mbuyo, ngakhale anadzathandiza Wanderers kutenga ligi mu 2017. Mponda nayenso ndi wa mndandanda wa 2000 mpaka 2009, ndipo kumeneko ndingamuike pamwamba ndithu.

Pa nambala 4 pali Kamwendo. Inde, pa 4. Amalume akawerenga izi ndikadya nsima kwa aneba.

Luso la Shakira palibe amalitsutsa. Mpira unkamumvera, ankaona mpata womwe ena sanauone, ndipo si masewera kuti Mmalawi asayinidwe ndi TP Mazembe ya ku Lubumbashi, timu yomwe mu 2010 inafika mu fayinolo ya Club World Cup. Anatsogolera Flames ngati kaputeni, ndipo atabwerera ku Lali Lubani anali mtima wa timu yomwe inapatsa Manoma ligi ya 2017, yoyamba chitengereni ya 2006. Akanakhala kuti tikusankha wosewera wokoma kumuonera, bwenzi nkhani itathera pomwepa. Chomwe chamutsitsa kwa ine n'chakuti m'zaka khumizi anayendayenda kwambiri, South Africa, Mozambique, Congo, kenako kumudzi, osakhazikika malo amodzi kunja nthawi yokwanira kuti timu imangidwe pa iye.

Yemwe anachita zimenezo ndi Robert Ng'ambi, ndipo ndi nambala 3 wanga. Dzina lake pa Kapelula limatchulidwa mochedwa, wina akatha mayina. Chifukwa chake n'chosavuta: Platinum Stars ya ku Rustenburg sinali Pirates kapena Chiefs, ndiye mwini vidiyo shoo sankaionetsa pokhapokha ikukumana ndi akuluakuluwo. Komatu timu yaing'onoyo inamaliza pa nambala 2 mu ligi ya 2012/13, kumbuyo kwa Kaizer Chiefs yokha, ndipo mu 2013 inatenga zikho ziwiri, MTN8 ndi Telkom Knockout, zonse pogonjetsa Orlando Pirates mu fayinolo. Pakati pa timu imeneyo panali Ng'ambi, wamtali, wodekha, wodziwa kufika m'bokosi nthawi yake. Anakhala pamenepo zaka zambiri osagwedezeka. Akanachita zomwezo atavala malaya a Chiefs, bwenzi lero ana a ku Kasungu akutchedwa Baggio.

Gabadinho ndi nambala 2, ngakhale titachotsa chigoli cha Morocco, ziwiri za Zimbabwe ku Cameroon komweko, ndi theka la nyengo ya nsapato yagolide ija. Mnyamata wa ku Chiweta, Rumphi, anachoka ku Bullets kupita ku Bloemfontein Celtic mu 2013, anadzera ku Golden Arrows, kenako n'kutenga ligi ya South Africa ndi Bidvest Wits mu 2016/17, koyamba m'mbiri ya kalabu imeneyo. Pofika pakati pa 2019 anali atasayinidwa ndi Pirates. Ali ndi zofooka zake, ndipo aphunzitsi angapo analimbana naye, koma palibe mwamuna wina wa ku Malawi m'zaka zimenezi yemwe otchinga kumbuyo a ligi yaikulu ankamuopa chomwecho.

Ndisanafike pamwamba, mawu amodzi pa osewera a pakhomo. Kamuzu Barracks inatenga ligi mu 2016, asilikali kudabwitsa matimu a ndalama, ndipo chaka chomwecho Richard Mbulu ankagoletsa ngati wolodzedwa ku MAFCO. Silver Strikers inalamulira kumayambiriro kwa zaka khumizi, Bullets kumapeto. Mwa onsewa mulibe yemwe walowa m'gulu langa la asanu, ndipo zimandiwawa pang'ono, chifukwa zikutanthauza kuti sikelo yanga ikupendekera kwa omwe anapeza pasipoti ndi ejenti. Mudzi uliwonse kuno uli ndi nkhani ya mnyamata yemwe ankavuta m'mabonanza a aphungu, opanda nsapato, koma anathera m'munda wa fodya ngati tenanti chifukwa palibe anabwera kudzamuona. Ameneyo sadzalowa pa mndandanda wa munthu aliyense.

Dzina lomwe silitchulidwa m'chigafa

Nambala wani wanga ndi Tabitha Chawinga.

Nditalitchula koyamba dzinali kwathu, panakhala kaye chete, kenako kuseka. Msuweni anati, "Aaa, ifetu timakamba za mpira weniweni." Amalume anabwerera ku masamba awo aja: "Mphwanga, sukulu yakupweteka. Wasakanizanso belo."

Yankho langa ndi la ku fodya komweko. N'zoona kuti giredi iliyonse imamangidwa payokha. Koma msika ukatsekedwa, mlimi amakhala pansi ndi mapepala ake n'kuona belo lomwe linagulidwa pamtengo wapamwamba pa giredi yake. Sindikunena kuti Tabitha akanamudutsa Mzava pa liwiro kapena pa mphamvu, funso limenelo ndi lopanda ntchito. Ndikufunsa kuti, pa Amalawi onse omwe anamenya mpira m'zaka khumizi, ndani anakwera kufika pafupi ndi nsonga ya dziko lonse pa mpira womwe iye amasewera?

Tiyeni tiwerenge. Anabadwa mu 1996 ku Rumphi, anasewera ku DD Sunshine ku Lilongwe, ndipo mu 2014, ali ndi zaka 18, anapita ku Sweden kukayambira ku timu ya m'munsi yotchedwa Krokom/Dvärsätts. Mu 2015 ali ku Kvarnsveden anamwetsa zigoli 43 mu ligi yachiwiri ya dzikolo, timu n'kukwera. Mu 2017 anamwetsa 26 mu Damallsvenskan, imodzi mwa maligi a amayi olemekezeka ku Ulaya, n'kukhala womwetsa zigoli zambiri mu ligi yonse. Chodabwitsa n'chakuti chaka chomwecho timu yake inatsika. Taganizirani munthu kuposa akutsogolo onse a matimu apamwamba ali mu timu yomwe ikumira. Kenako anapita ku Jiangsu Suning ku China, komwe anatsogola pa zigoli mu 2018 ndi 2019, ndipo mu 2019 timuyo inatenga ligi.

Palibe mwamuna wa ku Malawi yemwe anakhalapo womwetsa zigoli zambiri mu ligi yaikulu ya dziko la ku Ulaya. Tabitha anachita zimenezo ali ndi zaka 21. Ndipo kuti musaganize kuti unali mwayi, zomwe zinatsatira kunja kwa mpanda wathu zikuchitira umboni: zigoli 23 ku Inter Milan mu 2022/23, woyamba wa mu Africa kutsogola pa zigoli mu Serie A ya amayi, kenako kutsogolanso ku France ali ku Paris Saint-Germain, kusayinidwa ndi Lyon, ndi kulowa m'gulu la osewera 30 opikisana pa Ballon d'Or ya 2024. Izi sindikuziwerengera pa sikelo, monga momwe sindinawerengere chigoli cha Morocco. Za 2014 mpaka 2019 zokha zikukwana.

Nanga bwanji dzina lake silibwera m'chigafa? Chifukwa chomwe chija cha Ng'ambi, koma chokulirapo. Ligi ya amayi ya ku Sweden sinkaonetsedwa pa vidiyo shoo iliyonse ya ku Kasungu. Wayilesi inkangotchula zigoli zake pothera pa nkhani zamasewero. Scorchers inkasewera mwa apo ndi apo, ndalama zikapezeka. Ndiye pali china chomwe sitikonda kuchikamba: momwe tinkawaonera atsikana osewera mpira. Tabitha mwini wake anauza nyuzipepala ya The Guardian mu 2021 kuti ali wamng'ono kuno kumudzi anakakamizidwapo kuvula pabwalo kuti anthu atsimikize kuti ndi mtsikana. Kamwendo ndi Gabadinho anakumana ndi mavuto awo, a umphawi, a mabwalo oipa, a malipiro ochedwa, koma zoterezi sanazione. Kusukulu kwathu mtsikana wokonda mpira wamiyendo ankauzidwa kuti apite ku netiboli, akakana ankapatsidwa mayina. Ndikaona atsikana a ku sekondale pano akuthamangitsa chikopa madzulo pa bwalo la sukulu, makolo ena osadandaula, ndimadziwa kuti dzina la Chawinga lagwirapo ntchito.

Amalume sanagonje, ndipo sindinayembekezere kuti agonja. Anangoti mndandanda wa amayi ukhale pawokha, Tabitha akhale mfumu kumeneko, koma wa iwo ukuyamba ndi Shakira mpaka kalekale. Msuweni anafunsa ngati zigoli 43 zija zilipo pa YouTube. Mayi anga, omwe sindinawamvepo akuyankhira nkhani ya mpira, anafunsa kuti mtsikanayo kwawo ndi kuti, ndipo nditati ku Rumphi anati kumenekonso amalima fodya.

Mndandanda wa 2020 mpaka 2029 wayamba kale kuvuta, ndipo ukuoneka kuti udzakhala mlandu wa pabanja limodzi. Mng'ono wake wa Tabitha, Temwa, anatsogolera Scorchers kutenga chikho cha COSAFA mu Okutobala 2023 pogonjetsa Zambia 2-1 mu fayinolo. Chaka chomwecho a IFFHS anamuwerengera zigoli 63, kuposa wosewera wina aliyense padziko, mwamuna kapena mkazi. Mu 2024 anapita ku Kansas City Current ku America, n'kumwetsa zigoli 20 mu ligi ya NWSL, kuphwanya mbiri ya Sam Kerr ya zigoli 18, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligiyo. Kansas City ndi mzinda womwewo wa Chiefs ya NFL ndi Patrick Mahomes, yemwe ali ndi gawo pa umwini wa timu ya Temwayo. Kumbali ya amuna, Gabadinho adzalowa ndi nsapato yagolide ya 2020 ndi chigoli chake cha ku Yaoundé, nthawi ino zonse zili mkati mwa mpanda, ndipo Mbulu adzabwera ndi mutu uja wogonjetsa Uganda 1-0 pa Kamuzu Stadium mu Malichi 2021, womwe unatitengera ku Cameroon.